Kope la zilombo: momwe ulendo wanga wa pansi pa nyanja mu Subnautica ukuyendera

Loweruka, 5 Okutobala 2024, ku Nchalo

Ndayambiranso lero. Ulendo woyamba unathera kumbuyo kwa chombo cha Aurora Lachitatu usiku, pamene Reaper, chilombo chachikulu cha m'nyanja, anagwira Seamoth yanga, kasitima kapansi pa madzi, n'kuitswa ngati chikho, ndipo ndisanasambire ngakhale mamita khumi anali atanditembenukira kale. Pa Hardcore moyo ndi umodzi basi. Ukafa, zonse zimene unamanga zimafufutika, ndiye maola 19 a ntchito anapita ndi madzi. Ndinakhala duu nthawi yaitali mahedifoni ali m'makutu, mtima ukugunda ngati ndathamanga.

Kwa amene simukuidziwa, Subnautica ndi gemu ya kampani ya Unknown Worlds, inatuluka yathunthu mu Januwale 2018. Umakhala munthu mmodzi yekha wotsala ndi moyo chombo cha mumlengalenga chitagwera pa pulaneti lotchedwa 4546B, lomwe pafupifupi lonse ndi nyanja. Mfuti ulibe, mapu ulibe. Uli ndi kachipinda koyandama ka Lifepod 5, makina opangira zida, ndi mpweya wa masekondi 45 okha. Mankhwala a matenda amene akukutsekereza pa pulanetilo ali pansi penipeni, mamita pafupifupi 1,400, ndipo panjira yopita kumeneko pali zilombo zikuluzikulu zimene gemuyo imazitcha ma leviathan.

Chimene ndikufuna ulendo wachiwiri uno n'kumaliza gemu yonse pa Hardcore osafa, komanso osapha leviathan ngakhale mmodzi. Ndagula kope pagolosale. Mmenemo ndizijambula mapu anga ndi kulemba malire a chilombo chilichonse: kumene chimazungulira, kuya kwake, kulira kwake, ndi pamene chimabwerera chikatopa kukuthamangitsa. Chifukwa nditaganizira bwino za Lachitatu lija, si mphamvu za Reaper zimene zinandipha. Ndinamumva akubangula kawiri konse, ine ndikumati ali kutali, n'kumapitirira kutola zitsulo m'madzi a matope. Ndinalowa pabwalo pake osadziwa kuti ndalowa.

Lero ndangochita za poyambira. Ndazimitsa moto wa mu Lifepod, ndagwira ma Peeper odya ndi ma Bladderfish opangira madzi akumwa, ndapanga mpeni, sikana, ndi thanki yoyamba imene imakweza mpweya kufika masekondi 75. Pa Hardcore mawu ochenjeza kuti mpweya ukutha kulibe, choncho ndikudziphunzitsa kuwerenga mumtima.

Lachitatu, 9 Okutobala

Kwatentha moti laputopu inazima yokha cha m'ma 3 koloko. Tsopano ndaikhazika pa njerwa ziwiri kuti mpweya uzidutsa kunsi, ndipo ndizisewera usiku wokha.

Seaglide, kachida kondikoka posambira, yatheka. Ndalowa m'nkhalango ya ndere zazitali, Kelp Forest, kwawo kwa ma Stalker. Awa si ma leviathan, ndi ngati ng'ona zazing'ono za mlomo wautali, koma ndi amene andiphunzitsa kanthu koyamba kolemba m'kope. Stalker amakonda zitsulo kuposa nyama ya munthu. Ukamuponyera chitsulo amachiluma n'kupita nacho, nthawi zina dzino n'kugwa, ndipo mano amenewo ndi amene umapangira galasi lolimba. Ukamupatsa nsomba pamanja amadya n'kukusiya kwa kanthawi. Ndatola mano anayi osalumidwa.

Lamulungu, 13 Okutobala

Sindinasewere kumapeto kwa sabata ino. Mayi anandituma kukapereka ufa ndi shuga kwa amalume kufupi ndi Bangula, ndipo ulendowu wandipatsa zambiri kuposa maola onse a sabata yatha.

Amalume ndi msodzi wa m'dambo la Elephant Marsh kuyambira ali mnyamata. Ndinawapeza pansi pa mtengo akusoka ukonde, milamba ili pa thandala ikuwambidwa, utsi uli tolotolo. Titadya nsima ya makakana ndinawaonetsa kope lija, mwamanyazi pang'ono, n'kuwafotokozera kuti ndi masewera a pakompyuta a zilombo za m'madzi. Sanaseke. Anatenga kopelo, analiyang'ana mozondotsa kenako molunjika, n'kufunsa kuti, "Chilombo chakochi chimayenda madzi onse, kapena chili ndi pake?"

Ndinati, "Chili ndi pake, amalume. Chimazungulira malo amodzi."

"Ndiye ndi mvuu imeneyo, mphwanga," anatero. "Mvuu sikusaka iwe. Ili ndi thamanda lake, ili ndi njira yake yotulukira kukadya usiku. Amene amafa ndi amene wadutsitsa bwato pakati pa iyo ndi madzi akuya, kapena wapatula mayi ndi mwana. Ng'ona ndiye ina. Ng'ona imakuwerenga. Ukamatunga padoko limodzi nthawi imodzimodzi masiku atatu, lachinayi imakudikira."

Anandiuzanso kuti akamalowa m'mifuleni ya bango mmene suona patsogolo, amamenya nkhafi pa bwato, gu gu gu, kuti mvuu ivuuke aione isanadzidzimuke. Ndipo anati chigumula cha Freddy mu Malichi 2023 chitapita, mifuleni ina inatsekeka ndi mchenga, ina inatseguka pomwe panali minda, moti iwo amene akhala m'dambomo zaka zonsezi anayamba kuphunziranso ngati mwana: kuyenda pang'onopang'ono, kuima, kumvetsera, kufunsa anzawo kuti mvuu zasamukira kuti. Mawu amenewa anandikhudza kwambiri. Ine ndikafa ndimataya maola. Iwo anzawo ena analowa m'dambomo osabwerako, ndipo amawatchula mayina mpaka lero akamasoka ukonde. Sindikuyerekeza zinthu ziwirizi ayi. Koma nzeru yoyendera pamadzi a eni ake ndi yomweyo, ndipo ndinachita manyazi kuti ndakhala ndikuifuna pa YouTube pamene ili kwathu komwe.

M'minibasi pobwerera, titadutsa pa Ngabu, ndinagawa tsamba la kope pawiri. Mbali ina ndalemba "a mvuu", zilombo zoteteza malo ake. Mbali ina "a ng'ona", zokusaka iweyo. Reaper ndamuika pakati ndi pensulo mpaka ndimudziwe bwino.

Loweruka, 19 Okutobala

Ndalowa mu Aurora ndipo ndatulukamo wamoyo.

Injini za chombocho zinaphulika kale masiku oyambirira, n'kuwononga madzi ozungulira ndi poizoni wa nyukiliya, ndiye ndinayamba ndapanga chovala chotetezera. Seamoth yatsopano ndinaimanga Lachinayi. Koma usiku wonse wa Lachisanu sindinayandikire chombocho. Ndinakhala pamwamba pa madzi, kumapeto kwa madzi oyera, n'kumangoyang'ana ndi kumvetsera. Mng'ono wanga anatopa nazo. "Achimwene, mukusewera kapena mukuwedza?" Ndinamuuza kuti akhale pansi agwire wotchi.

Zimene tinapeza ndi izi. Reaper wa kumbuyo kwa chombo amazungulira mozungulira momwemo, ndipo mchira wake nthawi zina umaonekera pamwamba pa madzi akamatembenuka. Kubangula kwake si kulira chabe. Ka PDA, kakompyuta kam'manja ka mu gemumo, kamafotokoza kuti amaona ndi mawuwo, ngati mleme, moti ukamumva ndiye kuti iyenso akhoza kukuona. Kutalika kwake ndi mamita 55, kuposa theka la bwalo la mpira, ndipo kukamwa kwake kuli zibwano zinayi zogwirira. Ndaponya mabikoni atatu, zizindikiro zosonyeza malo, m'malire mwake, ndawatcha "Osapitirira 1", "Osapitirira 2" ndi "Manda", pamalo pamene ndinafera.

Lero ndinadzera m'mbali mwenimweni mwa chombocho, kukhudza chitsulo, pamadzi osaya, kulunjika kutsogolo kumene kuli pobowoka. Kutsogoloko kulinso Reaper wina. Ndinamumva kumanzere, kenako ndinaona mthunzi wake ukudutsa pansi panga, wautali, woyera ndi wofiira, ukupinda ngati njoka. Manja anachita thukuta pa mbewa ya kompyuta. Sindinathamange ndipo sindinayatse nyali. Ndinangopitirira pang'onopang'ono mpaka ndinalowa m'zitsulo zophwasuka mmene thupi lake silikwanamo, n'kuimika Seamoth mkatikati. Amene amaimika panja amaipeza palibe.

Mkati ndinazimitsa moto, ndinatseka mabowo a injini kuti poizoni asiye kutuluka, ndipo ndasikana zidutswa za Prawn, chovala chachitsulo choyendera pansi pa nyanja. Potuluka kunali kutada mu gemumo. Ndinadikira mpaka kunacha. Mphindi zingapo zimenezo ulendo woyamba ndikanaziona ngati kutaya nthawi.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Magetsi anazima ndili pakati pomanga nyumba, ndipo batire ya laputopu iyi sikhalitsa. Gemuyi sidzisungira yokha, ndiye ntchito ya ola limodzi ndi theka yapita: chipinda chachikulu, masola anayi, ndi dimba la mavwende amene ndinakatenga mbewu zake pa chilumba choyandama. Moyo uli bwino, ndi katundu yekha. Ndabwereka batire ya sola ya mayi yoonera TV, tagwirizana kuti ndizigwiritsa ntchito iwo akagona.

Ndamanganso zonse. Ndawonjezera Moonpool yoimikamo Seamoth.

Loweruka, 2 Novembala

Sabata ino takangana ndi mng'ono wanga, ndipo mkanganowo ndi wofunika kuulemba.

Ndinapeza zidutswa za Stasis Rifle, chida chimene chimaponya mpira wa kuwala woumitsa chilichonse chili mkati mwake kwa kanthawi. Sichipha. Ndinapita nacho kwa Reaper wa pa "Manda" kuti ndikamusikane. Ndinatuluka mu Seamoth, ndinadikira kuti andione, ndipo pamene anatsegula zibwano zija akubwera ngati lole yopanda mabuleki, ndinaombera. Anauma nji, mamita ochepa patsogolo panga. Ndinasambira mpaka pankhope pake. Ali ndi maso anayi ang'onoang'ono, obiriwira, ndi nyanga yofiira pachipumi. Pakhosi pake pali mizere ngati ya chikumba cha ng'ona. Kwa nthawi yoyamba ndinamuona ngati nyama, osati ngati tsoka. Sikana itamaliza ndinaomberanso kamodzi kuti ndipeze nthawi yochoka.

Mng'ono wanga anaimirira. "Achimwene, mubayeni! Ndi amene anakuphani uja!" N'zoona kuti zimatheka. Ukamuumitsa mobwerezabwereza n'kumamucheka ndi mpeni, pamapeto pake amafa, ndipo sabweranso. Anthu ambiri amatero kuti njira ikhale yoyera. Ine ndinakana, iye anakwiya n'kupita kukagona.

Ndaganizira chifukwa chake ndikukana, kupatula lamulo limene ndinadziikira. Ukamupha supezapo kanthu, nyama ayi, chida ayi. Gemuyi anaipanga dala choncho. Amene anatsogolera opanga ake, Charlie Cleveland, ananenapo kuti chiwembu cha mfuti cha pa sukulu ya Sandy Hook ku America mu 2012 chinamuchititsa kufuna gemu yopanda mfuti. Koma chifukwa changa chenicheni n'chakuti Reaper amene ndimamudziwa ndi wothandiza kuposa malo opanda kanthu. Ndikamva kubangula kwake ndimadziwa pamene ndili ngakhale usiku. Akachoka, khutu langa lizolowera kugona, ndipo kutsogoloku kuli zilombo zimene sindingaziumitse ndili mkati mwa sitima.

Mawa lake ndinamutenga mng'ono wangayo kupita ku Dunes, chipululu cha mchenga chakumadzulo. Ukangolowa, ka PDA kamalankhula kuti kaona ma leviathan angapo m'derali, n'kukufunsa ngati zimene wadzerazo zilidi zoyenera. Iye anangoti kukamwa yasa. Ndinali nditaika kale Perimeter Defense pa Seamoth, chida chotulutsa magetsi. Reaper mmodzi anatigwira ndithu, kuchokera kumbuyo, n'kutitembenuza kuti tiyang'anane naye. Ndinadina batani, magetsi anathetheka, anatisiya n'kuthawa. Seamoth inatsala ndi mphamvu pang'ono kupitirira theka. Ndinaikonza nditabisala kuseri kwa thanthwe, n'kubwerera. Vuto linali langa: ndinayang'ana kutsogolo kokha pamalo pamene malire a awiri amakumana.

Reaper ndamulemba ndi bolopeni tsopano, kumbali ya mvuu. Amakuthamangitsa, koma ukatuluka m'dera lake amabwerera. Kumbali ya ng'ona ndalembako Warper, amene amangotulukira paliponse, n'kukuzula mkati mwa Seamoth kukuponya m'madzi. Ameneyo amasaka amene ali ndi kachilombo ka Kharaa, koyambitsa matenda okutsekereza pa pulaneti aja, ndipo ine ndili nako.

Lamulungu, 10 Novembala

Cyclops yatheka Lachitatu. Ndi sitima yapansi pa madzi ya mamita 54, yokhala ndi mabatire asanu ndi limodzi, ndipo mkati mwake ndaikamo bedi, makabati, miphika ya mbewu, ndi Prawn m'mimba mwake. Payokha imafika mamita 500. Ndi chowonjezera choyamba ikufika 900. Ndaitcha Mtayamoyo, dzina la powolokera pa Bangula paja, ngakhale mayi atamva anati dzina limenelo si lopatsa chombo.

Apa m'pamene nzeru ya amalume inafuna kutembenuzidwa. Iwo amamenya nkhafi kuti mvuu idziwe kuti akubwera. Mu Cyclops phokoso ndi limene limakuitanira imfa. Ili ndi liwiro la mitundu itatu, ndipo ukathamangitsa kwambiri, phokoso limafika kutali, injini imatentha mpaka moto kubuka mkati. Pali batani la Silent Running lochepetsa phokoso, koma limadya batire. Ndiye chimene ndatenga kwa amalume si kumenya nkhafi kwenikweniko. Ndi kudziwa kuti nyamayo ikumva chiyani, n'kusankha wekha chimene ufuna imve.

Ndinalowera ku Blood Kelp, kumene kuli mdima bii ndi ndere zoyera ngati mizu ya mtengo wakufa. Kumeneko Crabsquid anatulutsa mphamvu yake imene imazimitsa zamagetsi, sitima yonse inachita zii kwa masekondi angapo. Ndinangokhala osagwira kanthu mpaka nyali zinabwerera. Kenako phanga linatseguka n'kukhala Lost River, mtsinje wa pansi pa nyanja. Madzi ake amchere wambiri, obiriwira, ndi olemera kuposa ena onse, choncho amayenda pansi ngati mtsinje weniweni, ndi mathithi ake omwe. Ukawakhudza wopanda chombo amawotcha. Kwa munthu wobadwira m'mbali mwa Shire, kuona mtsinje uli ndi magombe ake mkati mwa madzi ena ndi chinthu chimene sindinathe kuchidutsa msanga. Ndinaimitsa sitima n'kuyang'ana. Pali chigoba cha chilombo chakalekale, mutu wake wokha ndi woti Seamoth imalowamo n'kutembenuka.

Ghost Leviathan ndinamuona asanandione. Thupi lake limaonekera mkati ngati galasi, lowala mobiriwira mwa buluu, mutu wake wotambalala ngati khasu. A mu Lost River ndi ana, atatu, aliyense mamita 67. Akuluakulu amafika 107, ndipo amakhala ku Grand Reef, ku Blood Kelp ya kumpoto, ndi kuphompho la kunja kwa mapu kumene sindidzapitako. Kulira kwake n'kosiyana ndi kwa Reaper, n'kokuwa mokweza ngati chitsulo chikukhulidwa.

Ndinazimitsa injini n'kumuyang'ana pa kamera ya kunsi kwa sitima. Anazungulira kasanu ndikuwerenga. Ulendo uliwonse amapita kumapeto kwa phanga n'kukhalako kanthawi asanatembenuke. Pa kachisanu ndi chimodzi ndinayatsa Silent Running, liwiro lotsikitsitsa, ndi kudzera m'mbali mwa khoma. Ndili pakati anatembenuka msanga kuposa mmene ndinawerengera. Chizindikiro chake chinafiira, sitima inalankhula kuti chilombo chikuukira, ndipo anatigunda kamodzi mpaka zonse zinapendekeka. Mtima unati thawa. Ndinaponya Creature Decoy, kachitsulo kolira kokopa zilombo, ndi kuzimitsanso injini. Anatsatira kachitsuloko. Ndinayatsa, ndinayenda pang'ono, ndinazimitsa. Katatu konse. Mpaka kulira kwake kunatsalira kumbuyo.

Tsopano ndili ku Tree Cove, pafupifupi mamita 900, pansi pa mtengo waukulu wowala umene m'nthambi zake muli mazira a Ghost Leviathan. Pamalo pano palibe cholusa, ndi ma Ghostray okha akuuluka mwakachetechete. Ndamanga kanyumba ndi makina opanga magetsi kuchokera ku mpweya wotentha wa pansi, kuti ndizitchaja mabatire. Ndapeza nickel ndi sulufule wa miyala.

Loweruka, 16 Novembala

Amalume anabwera ku Nchalo kudzagula ulusi wa ukonde, ndipo anagona kwathu. Usiku ndinawapatsa mahedifoni. Anawavala mosamala ngati chipewa cha eni. Ndinawatengera pa Prawn kubwerera kumene kuli Ghost uja, patali pabwino, kuti amuone.

Anayang'ana nthawi yaitali osalankhula. Kenako anati, "Bwerera m'mbuyo pang'ono. Waima pamene iye akhotera." Ndinabwerera, ndipo posakhalitsa chilombocho chinadutsa ndendende pamene ndinaima. Ndinawafunsa kuti adziwa bwanji. Anati anaona kuti chikamakhota chimayamba ndi mutu kupendekera mbali imodzi, mchira n'kutsatira mochedwa, ndiye malo amene chifuna ndi aakulu kuposa mmene thupi lake likuonekera. "Kuona maso a nkhono n'kudekha, mphwanga. Iwe umayang'ana mano. Uziyang'ana mchira."

Ndalemba zimenezo pachikuto cha kope. Anafunsanso ngati munthu wa mu gemuyo ali ndi abale kwawo, ndipo nditati sitiuzidwa, anapukusa mutu n'kuvula mahedifoni.

Lamulungu, 24 Novembala

Mvula yoyamba inagwa Lachinayi, fumbi lagona, laputopu ikupuma bwino. Ndinadikira usiku wozizira chonchi kuti nditsike kumoto.

Kuchokera ku Tree Cove njira imatsetsereka kulowa ku Inactive Lava Zone. Ndinali nditakweza Cyclops kufika mamita 1,300 ndi Prawn chimodzimodzi, ndiponso nditavala chovala cholimba chimene chimapirira kutentha mpaka madigiri 70. Madzi anasintha kuchoka kobiriwira kukhala ofiira psuu, makoma akuda, chiphalaphala chikuyenda m'ming'alu. Vuto loyamba silinali lalikulu m'maonekedwe. Ndi ma Lava Larva, tizilombo tonga misundu timene timamatirira pa sitima n'kumayamwa magetsi. Ndinazindikira mabatire atatsika kwambiri. Ndikayatsa chishango cha magetsi timagwa, koma chishangocho chimadyanso batire yomweyo. Ndaphunzira kuchiyatsa kamphindi kochepa n'kuzimitsa.

Kenako ndinaona chigoba cha Reaper chili gone pansi. Chilombo chimene chinandilanda maola 19, chimene ndachiopa mwezi wathunthu ndi theka, kuno ndi ndiwo za wina. Mwini wake anatulukira kuseri kwa phiri la pakati, Lava Castle. Sea Dragon ndi wa mamita 112, ali ndi manja awiri a zikhadabo, miyendo yambiri yonga ya nyamayi ya m'nyanja kumbuyo, ndipo amalavula moto m'madzi. M'phanga lino alimo awiri, wachitatu ali kunsi ku Lava Lakes.

Ndinachita monga ndachitira ena onse. Injini zii, kamera, kuwerenga. Koma apa ndinalakwitsa chinthu chimene kope silinandikonzekeretse: ndinaima nthawi yaitali pamalo poyera, tizilombo tija tikuyamwa, ndipo pamene ndinati ndiyende, Silent Running inali yoti singandifikitse. Kudikira kumene kwandipulumutsa masabata onsewa kuno kuli ndi mtengo wake. Ndinayenda ndi phokoso. Anandimva. Mpira wamoto woyamba unaphonya, wachiwiri unagunda kumbuyo, moto unabuka m'chipinda cha injini, utsi unadzaza mpaka sindinkaona chiwongolero. Ndinaponya Decoy womaliza, ndinalowetsa mphuno ya sitima pansi pa denga la thanthwe, ndinazimitsa injini, n'kuthamanga ndi chozimitsira moto. Ndikupopera ndinkamva zikhadabo zake zikukanda mwala pamwamba panga. Mng'ono wanga anali atagwira phewa langa osadziwa kuti waligwira.

Moto unazima. Patapita nthawi chilombocho chinabwerera ku phiri lake, mutu kupendekera kaye, mchira kutsatira. Ndinatuluka n'kukonza mabowo anayi, maso ali kumchira.

Mtayamoyo ndaisiya pomwepo pansi pa thanthwe, ndi bikoni. Sindiyendanso nayo kupitirira apa, ndi yaikulu ndiponso yaphokoso kwambiri pamalo ano. Ndinapitiriza ndi Prawn, kukwawa m'munsi mwa makoma ndi dzanja la chingwe, mpaka ndinalowa m'phanga la Lava Castle mmene Sea Dragon sakwanamo. Ndakumba kyanite wokwanira, ndafika pa nyumba ya magetsi imene anamanga alendo akale ochokera kumlengalenga, ndipo ndatenga phale la buluu lotsegulira nyumba yomaliza, kumene kuli mankhwala aja.

Maola a ulendo uno afika 41. Masamba a kope olembedwa ndi 23, koma la Sea Dragon lili ndi mizere inayi yokha, ndipo sindinamuike mbali ya mvuu kapena ya ng'ona. Ndisanatsike ku Lava Lakes ndiyenera kubwerera ku Tree Cove kukatchaja mabatire onse asanu ndi limodzi, kupanga chowonjezera chofikitsa Prawn mamita 1,700, phale lachiwiri la buluu, ma Decoy ena atatu ndi zozimitsira moto ziwiri. Madzi akumwa atsala mabotolo asanu. Pobwerera ndidutsanso pakhomo pa awiri aja, ndiye Lachitatu usiku ndidzangokhala pakamwa pa phanga ndi Prawn, mng'ono wanga atagwira wotchi, kuwerenga kuti aliyense amatenga nthawi yotani kuzungulira phirilo.